Za chithunzi cha agogo chija

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu uja, woti chithunzi cha agogo aamuna chojambulitsa ku Joni chamatirira pagalasi la fulemu, chiswe chadya m'mphepete, ndiye mukufunsa ngati mungam'patse mnyamata wa pasitudiyo achikonze pafoni.

Chonde, chonde, musachimatule pagalasipo. Chikamatirira chonchi, mukakoka limabwera ndi pepala lokha, nkhope n'kutsala pagalasi zidutswazidutswa. Osachipukuta ndi nsalu yonyowa, ndipo wina asakuuzeni za lamineti. Ija amamata ndi moto, ikagwira siichokanso.

Tiyambe tapeza kope labwino. Mupite nacho ndi galasi lake lomwelo komwe kuli sikana, muwauze 600 dpi (muyezo woti kope lituluke looneka bwino mpaka tinthu ting'onoting'ono), ya kala ngakhale chithunzicho n'chakuda ndi choyera, asunge ngati TIFF kapena PNG, mitundu ya mafayilo yosataya tinthu ta m'chithunzi. Zikavuta chifukwa cha galasilo, foni imathanso. Pakhonde, pamthunzi, masana, fulashi yozimitsa, foni iyang'anizane ndi chithunzi osapendeka. Pali pulogalamu ya pafoni ya Google yotchedwa PhotoScan, imajambula kangapo n'kuchotsa kunyezimira kwa galasi. Potumiza pa WhatsApp musankhe Document, chifukwa mukatumiza mwa masiku onse muja imachifinya, tinthu ting'onoting'ono timatayika.

Tsono za mnyamatayo, eee, apa ndiye pali mtima wanga. Mapulogalamu ngati Remini amatulutsa nkhope yosalala, yowala, munthu n'kuwomba m'manja. Koma pomwe pafufutika, pulogalamu siidziwa chomwe chinalipo. Imangopeka, kutengera nkhope za anthu ena zambirimbiri zomwe inaphunzirirapo. Ikhoza kufafaniza chipsera cha pachipumi chija poyesa ndi dothi, kusintha maso, ngakhale kuyeretsa khungu. Mitundu ya zovala nayonso imangolota, jekete lija likhoza kutuluka labuluu pomwe inu mukulidziwa kuti linali lakhofi. Ife amene sitinawaone agogo tingakhulupirire, ana athu n'kukula akuloza munthu wachilendo kuti ndi agogo awo. Chithunzi chawo n'chimodzi chomwechi, azakhali, zimenezo zingandipweteke kwambiri.

Nditumizireni ine. Ndikhala nacho pakompyuta ndi GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, nditseke ming'alu, madontho ndi pomwe padyedwa kumbuyoko, pang'onopang'ono ndi dzanja. Nkhope ndingoiwalitsa basi. Ndikamaliza muone inu ndi amalume, amene munawadziwa, munene ngati alidi iwo. Kope loyamba losakonza lija tisunga padera, osalikhudza.

China, munanena kuti anabwerako pomwe a Kamuzu analetsa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, ndege yake itagwa ku Francistown. Chimenecho ndi chaka cha 1974, ndiye chithunzichi n'cha nthawi imeneyo kapena m'mbuyo mwake. Mulembe papepala lina ndi pensulo dzina lawo lonse, mgodi womwe ankagwira ngati mukuukumbuka, ndi mnzawo waima pambaliyo kuti ndani.

Pakadali pano chichotseni pakhoma lomwe limanyowa dzinja lija, muchikulunge m'pepala loyera, chikhale m'kabati pouma. Mupereke moni kwa onse kumeneko.