Transpose inandionetsa zakuda ku Santhe

Achimwene amene mwafunsa m'gulu muno za poyambira kuphunzira kiyibodi, zikomo pogula kiyibodiyo, koma awa akukuuzani m'makomenti kuti ingodziwani kiyi ya C basi, zinazo transpose (batani lokweza kapena kutsitsa nyimbo zala zili pomwepo) ikuthandizani, akukukumbirani dzenje.

Ine ndinaphunzira kwa mkulu wina wa bandi pa Kasungu boma, dzina sinditchula, ali m'gulu muno ndipo akudzidziwa. Nthawi zonse ankati "iwe gwira C, F ndi G, zinazo tisiyire ife." Ndikamupempha kuti andionetse makiyi akudawo ankangoseka. Ndiye kunabwera ukwati ku Santhe, mwezi wa October, dzuwa lake mukulidziwa. Kiyibodi yabwino mkulu uja anaibwereketsa kwina kuti apeze kangachepe, ife kutibweretsera yakalekale, batani la transpose litalowa mkati, pamwamba atamata selotepi. Osandiuza! Perekaniperekani atayamba, mayi woimba anaponya nyimbo mu F sharp, imodzi mwa makiyi akuda aja, monga mwa masiku onse, wa bass ndi wa lead n'kumutsatira. Ine ndikudina batani lija ndi chala, kenako ndi chivindikiro cha bolopeni, osayankha. Nditayesa kugwira chomwecho zinamveka ngati mbuzi yokodwa pachingwe. Azimayi amene ankavina ndi ma K500 m'manja anaima n'kutembenuka. Thukuta likudonthera pamakiyi, zala zikuterereka. Mkulu uja analanda maiki kwa MC, "pepani abale, mnyamata wathu wa kiyibodi ndi wophunzira," holo yonse kuseka, mpaka akwati. Ananditsitsa voliyumu pa mikisa, ndinangokhala pampando kuseweretsa zala popanda chomveka mpaka keke kudulidwa. Madzulo anzanga analandira zawo, ine anandipatsa ya minibasi yokha. Munthu wondibisira ntchito dala poopa kuti ndimuposa! Mpaka pano tikakumana amati mwana wanga. Mwana wa ndani?

Ndiye mverani. Makiyi alipo 12, oyera 7 akuda 5, enawo pa kiyibodi amangobwereza omwewa. Tengani nyimbo imodzi ya kwaya yomwe mungaiyimbe ngakhale muli m'tulo, muziisuntha, lero kiyi iyi mawa ina, mpaka onse atatha. Makodi (makiyi angapo ogwidwa pamodzi) muziwaganiza m'manambala, 1, 4, 5 ndi 6, powerenga kuchokera pa kiyi ya nyimboyo (mu C, 1 ndi C, 4 ndi F, 5 ndi G), chifukwa nyimbo zambiri za kwaya ndi za paukwati zimazungulira pomwepo, kiyi ikasintha manambala sasintha. Ikani metronome (chogunda kuti musunge liwiro la nyimbo) pafoni, yambani pa kugunda ka 60 pa mphindi, mudzaona nokha kuti mumathamanga. Dzijambuleni n'kumvera, zimawawa koma foni sinama. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa kukhalira Loweruka lonse. Magetsi akathima musaikenso m'chikwama, yendetsani ma scale (do re mi kukwera ndi kutsika) choncho, zala zizolowere. Amene thumba likulola, Music Crossroads ku Lilongwe amaphunzitsa mpaka kuwerenga nyimbo papepala.

Transpose yokha musaitaye ayi, kumapemphero a usiku wonse woimba akasasa mawu n'kutsika mwadzidzidzi, ine ndimadinabe. Ndipo akuluakulu a bandiwa musawathawe ngakhale ali ouma mtima. Nyamulani masipika, kulungani mawaya, akakalipa khalani chete, chifukwa kudziwa polowera woimba akapuma, kapena kumva kuti wa ng'oma watopa wayamba kukoka, simungaphunzire muli nokha kuchipinda. Kungoti za ndalama mugwirizane musanakwere lole, pakhalenso mboni.