Mafunso a Owerenga: Madzi a mu Injini Akupita Kuti?

Funso: Akonzi, ndili ndi galimoto ya petulo imene yatha zaka zoposa 20. Masiku ano ndikuthira madzi pafupifupi lita imodzi mlungu uliwonse, koma pamene ndimaimika galimotoyi sindikuonapo madontho. Magalimoto akathithikana pamsewu, muvi wa geji ya kutentha kwa injini umakwera mpaka kuyandikira pofiira, koma ndikangoyamba kuthamanga umatsikanso. Makaniko wina akuti gasiketi, imene imamata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, yapsa ndipo akufuna kutsegula injini, pomwe wina akuti tingochotsa thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha kwa injini, basi. Ndimvere uti? *Woyendetsa wodandaula*

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Pakali pano musamvere aliyense mwa awiriwa, chifukwa palibe amene wakuonetsani umboni wa kumene madziwo akupita. Kutsegula injini ndi ntchito yaikulu imene iyenera kubwera pomalizira, zinthu zing'onozing'ono zitayesedwa kale. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti mwina mavuto alipo awiri: injini ikulephera kuzizira galimoto ikaima, ndipo pali pena pamene madzi akuthawira. N'kuthekanso kuti vuto loyambalo ndi limene likubala lachiwiri.

Madzi a mu injini sayenera kutha monga amathera mafuta. Amangozungulira m'njira yotsekeka, kuchoka mu injini kupita mu rediyeta n'kubwereranso, mothandizidwa ndi pampu. Choncho lita imodzi pa mlungu ndi yochuluka, ndipo ili ndi potulukira ngakhale simukupaona.

Tiyambe ndi chizindikiro chimene mwachitchula mosapita m'mbali. Galimoto ikamathamanga, mphepo imadziwombera yokha pa rediyeta, koma ikaima, ntchito yonseyo imatsalira fani. Injini imene imatentha pamzere wa magalimoto n'kumazizira pamsewu wopanda zotchinga imaloza fani kawirikawiri. Imikani galimoto pamalo otetezeka, tsegulani boneti, ilizeni, ndipo muyang'anitsitse geji. Ngati fani ndi yamagetsi, iyenera kuyamba yokha kuzungulira muvi usanapitirire patali ndi pakati. Ikapanda kutero, zimitsani injini, ndipo makaniko ayese fuse, relay, switch imene imamva kutentha, kenako mota ya faniyo. Ngati ndi fani yoyendetsedwa ndi lamba, onani ngati lambayo wakhwepa kapena wang'aluka. Mafani ena otere ali ndi kilatchi yawoyawo imene ikatha imachititsa kuti fani izizungulira mofooka ngakhale injini itatentha kwambiri. Musayandikitse manja kapena zovala pa fani, chifukwa yamagetsi imatha kudzuka ngakhale injini itazima. Muonenso kumaso kwa rediyeta, pakuti matope, udzu ndi tizilombo zimatseka timipata todutsa mphepo, makamaka pakati pa rediyeta ndi condenser ya air conditioner.

Zikanakhala kuti galimoto imatentha mukamathamanga kapena pokwera mtunda, tikanakayikira rediyeta yotsekeka m'kati ndi dzimbiri, kapena pampu imene mapiko ake adyeka.

Chinthu chachiwiri, chimene ambiri amachinyoza chifukwa cha kuchepa kwake, ndi chivindikiro cha rediyeta. Ntchito yake si kutseka pakamwa pokha ayi. M'kati mwake muli sipuling'i ndi labala zimene zimasunga pulesha ya pafupifupi 1 bar m'magalimoto ambiri. Madzi wamba amawira pa madigiri 100 m'malo otsika, koma akapanikizidwa ndi pulesha imeneyi sawira mpaka cha m'ma 120. Popeza injini yabwinobwino imagwira ntchito pa madigiri a m'ma 90, mpata umenewu ndi wofunika zedi. Labala wa chivindikiro akauma kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira msanga, n'kukankhidwira m'kathanki kapambali, kenako n'kutayikira pamsewu galimoto ili pa ulendo. Pofika kunyumba zonse zimakhala zitauma, ndipo n'chifukwa chake munthu amathira madzi mlungu ndi mlungu koma osaona dontho pansi. Injini itazizira, chotsani chivindikirocho muone labala wake. Ngati wang'ambika, waphwatalala kapena wauma gwa, gulani china chokhala ndi nambala ya pulesha yofanana ndi imene yalembedwa pamwamba pa chakalecho.

Kenako funafunani pochucha. Kabowo kakang'ono sikatulutsa madzi injini ikazizira, koma pulesha ikakwera kamapemerera madzi pa chitsulo chotentha n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo. Chimene chimatsala ndi mkhwekhwe wouma, woyererako, wobiriwirako kapena wofiirira, malinga ndi mtundu wa coolant, mankhwala osakaniza ndi madzi oziziritsa injini. Tengani tochi muunike kumapeto kwa mapaipi kumene kuli zomangira, pamsoko pamene thanki yapulasitiki imalumikizana ndi rediyeta, ndiponso kunsi kwa pampu, kumene kuli kabowo kamene opanga anakaika dala kuti kazidontha seal ya m'kati ikatha. Pambali pa injini palinso tizitsulo tozungulira totchedwa core plug, timene timabooka ndi dzimbiri m'magalimoto akale. Musaiwale m'kati mwa galimoto: kapeti yonyowa kumapazi kutsogolo, fungo lotsekemera ndi galasi lochita nthunzi popanda chifukwa zimasonyeza kuti heater ikuchucha. Njira yodalirika koposa ndi kupempha makaniko kuti apope mpweya mu rediyeta ndi kapampu koyesera pulesha injini ili chizimire. Muvi wa kapampuko ukamatsika, ndiye kuti potulukira palipo, ndipo nthawi zambiri dontho limaonekera pomwepo.

Gasiketi tiziiganizira zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, kapena zizindikiro zake zikaonekeratu. Ikapsa, madzi amalowa mu silinda n'kutuluka ku ekizozi ngati utsi woyera wochindikala, wa fungo lotsekemera, umene sutha ngakhale injini itatentha. Mpweya wa mu silinda nawo umalowa m'madzi, moti mukaliza injini yozizira chivindikiro chili chotsegula mumaona thovu likubwadamuka mosalekeza, ndipo mukatseka, mapaipi amalimba gwa patangopita mphindi zochepa. Nthawi zina injini imanjenjemera m'mawa, pulagi imodzi imaoneka yoyera mosiyana ndi zinzake, ndipo oilo amasanduka woyererako ngati matope. Komabe pano pafunika kusamala. Kautsi koyera ka m'mawa kozizira, kamene kamatha posachedwa, ndi nthunzi wamba, ndipo kachithovu kochepa pansi pa chivindikiro cha oilo kamapezekanso m'galimoto yoyenda maulendo aafupi okhaokha. Umboni weniweni umachokera ku block test, pamene makaniko amakoka mpweya wa pakamwa pa rediyeta kudutsa m'mankhwala abuluu. Mankhwalawo akasanduka achikasu mu injini ya petulo, ndiye kuti utsi ukulowadi m'madzi. Makaniko amene akufuna kutsegula injini yanu ayambe wachita zimenezi inu mukuona, ndipo ayesenso compression, kutanthauza mphamvu yopanikiza mpweya, ya silinda iliyonse.

Ndikutsindika izi chifukwa gasiketi kawirikawiri imapsa potsatira kutentha kumene kunayambitsidwa ndi chinthu china. Mukaika yatsopano fani ikadali yakufa, idzapsanso. Ngati itapezeka kuti yapsadi, cylinder head, imene ndi mutu wa injini wovindikira masilinda, ipimidwe ngati yapindika kapena yang'aluka isanabwezeretsedwe, makamaka ikakhala ya aluminiyamu, imene sichedwa kupindika ndi moto.

Za kuchotsa thermostat, sindikugwirizana nazo. Kachipangizoka kamatseka njira ya ku rediyeta injini ikazizira, n'kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 90 m'magalimoto ambiri. Kakachotsedwa, injini imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga, pomwe vuto lenileni limangobisala. M'mainjini ena kamatsekanso njira yachidule yobwezera madzi mu injini, moti popanda iko madzi ena amazungulira osafika ku rediyeta. N'zoona kuti thermostat imatha kukakamira chitsekere, ndipo zikatero geji imakwera msanga paipi yapamwamba ikadali yozizira. Kuiyesa n'kosavuta: iikeni m'madzi owira, ndipo ikapanda kutseguka muike ina.

Pamene mukudikira kukonza, onani mlingo wa madzi m'mawa uliwonse injini isanalire, mu rediyeta mwenimwenimo osati m'kathanki kokha ngati galimoto yanu ili ndi chivindikiro pa rediyeta. Muvi ukayandikira pofiira, zimitsani air conditioner, yatsani heater mwamphamvu kuti ichotseko kutentha, ndipo muime pamalo oyamba otetezeka n'kuzimitsa injini. Musatsegule chivindikiro mpaka injini itazizira moti mungathe kugwira paipi yapamwamba ndi dzanja, zimene zingatenge theka la ola kapena kuposerapo, chifukwa madzi owira amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja koopsa. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri, pakuti chitsulo chingang'aluke. Dziwaninso kuti muvi ukatsika mwadzidzidzi pambuyo pokwera, heater n'kuyamba kutulutsa mphepo yozizira, si chizindikiro chabwino, chifukwa mwina madzi atheratu moti kachipangizo koyeza kutentha katsala pouma.

Funso: Kodi pali vuto kuthira madzi okhaokha m'malo mwa coolant, popeza kumene ndimakhala sikuzizira mpaka madzi kuundana? *Mayi woyendetsa galimoto yakale*

Yankho: Mayi, pangozi madzi oyera akhoza kukufikitsani kumene mukupita, koma asakhale a masiku onse. Coolant sateteza kuundana kokha. Ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndipo amakweza pang'ono mlingo umene madzi amawirira. Madzi okhaokha amadya pampu, ma core plug ndi timapaipi ta rediyeta, ndipo akakhala ndi mchere wambiri amasiya zokakamira zimene zimatseka njira. Sakanizani theka coolant, theka madzi a distilled, amene alibe mchere, pokhapokha ngati botolo lalembedwa kuti ndi wosakaniza kale, ndipo tsatirani mtundu umene buku la galimoto yanu likunena, osati maonekedwe okha. Ngati m'kati muli kale dzimbiri, patsukidwe kaye, ndipo pothira watsopano mpweya wotsalira uchotsedwe bwino, chifukwa nawonso umatenthetsa injini. Coolant wambiri amapangidwa ndi ethylene glycol, amene ndi poizoni wotsekemera, choncho musamusunge m'botolo la chakumwa, ndipo wotayikira pansi mumupukute ana ndi ziweto asanamupeze.