Mulekeni akathamange, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji ku Ulongué kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'shapa, minibasi ija, kuchokera ku Moatize, phokoso lake simukanamva kanthu. Ndikuyankhira pagulu pompano dala, kuti alamu ndi amayi aang'ono amvere limodzi, poti ndaona nawonso aponyapo mawu.

Ndamva zoti aphunzitsi aja abwera kudzapempha mwana wathuyu kuti Loweruka lililonse azikathamanga kubwalo ndi anzake a ulumali wa mu ubongo, ndiye inu mtima uli m'mwamba, mukuti akamuseka, akakhala womaliza, mwina akavulala. Ine monga malume ake ndikuti apite. Koma asanaponde pabwalopo, muyambe mwapita naye kuchipatala.

Chifukwa chake ndi ichi. Ana obadwa ndi Down syndrome ngati iyeyu, chibadwa chimene chimachititsa mwana kuphunzira pang'onopang'ono, pafupifupi theka amabadwa ndi vuto la mtima. Mukawauze adokotala kuti mwanayu akufuna kuyamba masewera, amumvetsere pachifuwa bwinobwino. Chachiwiri ndi khosi. Ena mwa ana amenewa mafupa awo awiri a pamwamba penipeni pa khosi sagwirana molimba, ndiye kumenya mpira ndi mutu kapena kuchita chipidigoli kutha kumuvulaza. Mukadzaona akudandaula khosi, mutu wapendekeka, kayendedwe kasintha, kapena wayamba kudzikodzera pamene anasiya kalekale, musadikire Loweruka lina, thamangirani kuchipatala. Adokotala akati zili bwino, kuthamanga kokha kulibe mlandu.

Tsopano za kukhala womalizazo. Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa nanenso ndinkaganiza ngati inu ndisanayambe kugwira ana otere kusukulu kuno. Aphunzitsiwo ngati akutsatadi njira ya Special Olympics, masewera a anthu a ulumali wa mu ubongo, monga akunenera, mwana saponyedwa mu mpikisano ndi aliyense ayi. Amayamba amuthamangitsa, n'kulemba nthawi yake. Kenako amamuika m'kagulu ka anzake a msinkhu wake amene liwiro lawo ndi lofanana ndi lake, anyamata paokha atsikana paokha. Kagulu kamodzi sikachepera anthu 3, sikapitirira 8, ndipo amayesetsa kuti wothamanga kwambiri ndi wochedwa kwambiri asasiyane kupitirira 15 peresenti. Ndiye kuti wathuyu, ndi kathamangidwe kake kogwedeza mapewa kaja, akapikisana ndi ofanana naye, ndipo atha kupambana zenizeni, osati zomupatsa pomumvera chisoni. Atatu oyamba amalandira mendulo, enawo amalandira kariboni, aliyense kumuitana dzina lake anthu akuwomba m'manja.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa. Ndinali ndi kamtsikana kena, tsiku loyamba ndaimba wezulo, anzake onse liwiro, iko kaima chilili kakundiyang'ana, kenako kakubwera kudzandibwezera wezulo amene sindinagwetse n'komwe. Tinatha milungu tikungophunzira chinthu chimodzi: ukamva pyee, pita. Mizere ndinkalemba ndi phulusa, kumapeto n'kuimika mayi ake atanyamula chitenje chofiira kuti adziwe kolowera. Tsiku limene anafika pachitenjepo osatembenuka, mayi akewo anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira. Ndiye musayembekezere zodabwitsa Loweruka loyamba. Mwina akangokhala pansi n'kumatola timiyala. Mudzapitenso naye Loweruka linalo.

Ndinalakwitsapo ndine, ndisabise. Ndinawatulutsa masana mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Tete mukulidziwa, mnyamata wina anangoti khwefu, kugwa. Ana amenewa ambiri sanena kuti ndatopa kapena ndili ndi ludzu. Kwanuko n'kozizira, komabe botolo la madzi lisasowe, ndipo adye kaye kaphala kapena mbatata asananyamuke.

Alamu, inu mwafunsa ngati muli ndalama m'menemu, ngati adzafike pa Maria Mutola. Hahaha, alamu inu. Mutola anatenga golide wa mamita 800 ku Sydney mu 2000, amenewo ndi ma Olympics. Edmilsa Governo amene anatibweretsera mendulo ya bronze ku Rio mu 2016, mamita 400, amenewo ndi ma Paralympics, masewera a anthu a ulumali, ndipo iye vuto lake ndi la maso. Kumenekonso a ulumali wa mu ubongo amapikisana, pa kuthamanga, kusambira ndi tenisi ya patebulo, koma kumafika akatswiri okhaokha. Special Olympics ndi ina. Anaiyambitsa mayi wina wa ku America, Eunice Kennedy Shriver, mlongo wake wa Pulezidenti Kennedy, amene mkulu wake Rosemary anali ndi ulumali womwewu. Anayamba ndi kuitana ana kudzasewera pakhomo pake mu 1962, mpikisano woyamba n'kuchitika ku Chicago mu 1968. Ku Special Olympics aliyense wa ulumali wa mu ubongo wa zaka 8 kupita m'tsogolo amaloledwa, wothamanga ndi wochedwa yemwe. Masewera a dziko lonse anachitika ku Berlin mu 2023. Ndalama mulibe, alamu, komanso salipiritsa mwana. Wina akadzabwera n'kumati tumizani mametikali pa M-Pesa kuti mwana akwere ndege, mundiimbire kaye ine musanatumize.

Amayi aang'ono, mawu anu ndawamva, akuti anthu anena. Ndi ulemu wonse amayi, anthuwo ananena kale. Sanati achemwali anamukhwimira mwana kuti mbatata zizichita bwino kudimba? Sanamutche wozerezeka ali kumbuyo? Zaka 13 takhala tikumutsekera kuseri kwa mpanda alendo akabwera, nanga pakamwa pawo panatsekeka? Mwanayu si wamisala, ndipo palibe anamulodza. Anabadwa choncho, amaphunzira pang'onopang'ono basi. Komanso taonani thupi lake mmene likukulira chifukwa chongokhala pakhonde. Ana a Down syndrome sachedwa kunenepa, ndipo kunenepako n'kumene ine ndikukuopa kuposa kuseka kwa anthu.

Chinanso achemwali, muwapemphe aphunzitsiwo kuti mng'ono wake uja azilowa nawo. Pali kaseweredwe kena kosakaniza a ulumali ndi opanda ulumali m'timu imodzi, amati Unified Sports. Ana oseka aja akamuona akupatsirana mpira ndi mnzawo wa m'kalasi, ena amayamba kupempha okha kuti alowe nawo.

Batire landithera. Ndibwera kumapeto kwa mwezi ndikalandira, ndidzapita naye ndekha kubwaloko ndikaonane ndi aphunzitsiwo. Usiku uno mumupondetse papepala, mulembe kuzungulira phazi ndi cholembera, muyeze ndi rula munditumizire. Mapazi ake ndi aafupi koma otambalala, ndisakagule nsapato zomupana ngati za Khirisimasi zija.