Folic acid kwa mwana wa sickle cell, musasiye ndipo musasinthanitse ndi ayironi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo landikhudza. Mwati mwana wanu wa zaka 6 wakhala akumwa folic acid chimupezereni ndi sickle cell, matenda amene maselo ofiira a magazi amapindika n'kumasweka msanga, koma Hb yake (nambala yosonyeza kuchuluka kwa magazi) imangozungulira pa 7, maso achikasu sakutha, ululu ukubwerabe, nde mukuganiza zosiya n'kumugulira mankhwala amadzi owonjezera magazi amene apongozi anu akunena aja. Ine ndili ndi sickle cell ya mtundu wa SS, ndakula nayo, pano ndine mayi wa mwana mmodzi. Ndilemba motalika, mundipirire.

Botolo limenelo musagule kaye chonde. Ndifotokoza chifukwa chake m'munsimu, koma ndiyambe ndi timapilisi tachikasu ta folic acid tija chifukwa ambiri aife tinangouzidwa kuti kamodzi patsiku basi, osatiuza ntchito yake.

Maselo ofiira a munthu amene alibe vutoli amakhala masiku pafupifupi 120. Athu amasweka pakangotha masiku 10 mpaka 20. Nde mafuta a m'kati mwa mafupa, kumene kumapangidwa magazi, sapuma usana ndi usiku, ali ngati mmisiri amene akumanga khoma koma pakatha masabata awiri khomalo lagwa ayambirenso. Folic acid ndi vitamini B9, ndi simenti ya mmisiri ameneyu. Simenti ikakhalapo amamanga mmene angathere, ikatha amaima ndipo magazi amatsika kuposa pomwe anali. Koma olo mumupatse matumba a simenti odzadza lole, khoma lija lizigwabe pa masabata awiri chifukwa vuto lili pa kusweka kwa maselo. N'chifukwa chake Hb ya mwana wanu siikukwera. Ambiri a SS timakhala pakati pa 6 ndi 9 tili bwinobwino tikuyenda, ine yanga imakonda pa 8. Chofunika n'kudziwa nambala yomwe mwanayo amakhalapo akakhala kuti sakudwala, muilembe kuchikuto kwa kabuku kakuchipatala, kuti tsiku lina ikadzatsika adokotala adzaone msanga kuti apa patsikadi. Maso achikasu nawo amachokera ku maselo oswekawo, ululu umabwera maselo opindika akatseka timitsempha. Folic acid zonsezi sazikhudza.

Ndikuuzeninso zoona zake kuti umboni wa mapilisiwa si wamphamvu monga timaganizira. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri anachitika ku Jamaica, anatuluka mu 1983, ana 117 ena akumwa folic acid ena ayi kwa chaka chimodzi. Omwe ankamwa, folate wawo (vitamini B9 yemweyu) m'magazi anakwera, koma Hb ndi kakulidwe sizinasiyane kwenikweni ndi anzawo aja. Ku America madokotala ena sakakamiranso kupereka kwa aliyense chifukwa kuyambira 1998 ufa wawo umathiridwa kale folic acid kufakitale. Nde wina atha kunena kuti bwanji osangosiya. Ine ndimakana, chifukwa ife ufa wathu ndi wakuchigayo, chimanga chokonola, chonyika, palibe chomwe chathiridwamo, ndipo ikafika miyezi ya Okutobala Novembala ndiwo zamasamba zimadula pamsika. Onjezerani malungo amene amaswa maselo ena pamwamba pa oswekawo. Thupi silisunga folate wambiri, ndi wa miyezi yochepa chabe, kwa ife amatha msanga kuposa pamenepo. Kapilisi kotchipa kosavuta kumwa, kusiya n'kudziika pachiswe popanda phindu lililonse. Mlingo umasiyana, kwathu kuno ndi ku Britain ambiri ndi 5mg, ku America amakonda 1mg, ana aang'ono ena amapatsidwa theka, nde tsatirani womwe analemba m'kabuku. Mukaiwala tsiku limodzi musamupatse awiri mawa lake, ingopitirizani.

Tsopano za botolo lija. Mankhwala ambiri olembedwa kuti owonjezera magazi muli ayironi. Apongozi anu akunena mwachikondi, ndipo kwa munthu amene magazi achepa chifukwa chosowa ayironi amathandizadi. Koma kwa ife maselo akasweka ayironi wake sataika, thupi limamutola n'kumugwiritsanso ntchito. Ndipo nthawi iliyonse mwana akaikidwa magazi, paketi imodzi yathunthu imabwera ndi ayironi pafupifupi 200mg, thupi lilibe njira yomutulutsira, amangounjikana m'chiwindi ndi mumtima chaka ndi chaka mwakachetechete. Ngati mwana wanu anaikidwapo magazi kangapo, kumupatsa ayironi wina n'kumuonjezera katundu. Zimachitika ndithu kuti mwana wa sickle cell asowe ayironi, koma zimenezo amaziona akayeza ferritin, amene amaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, osati kungoona m'manja kuti mwayera.

Ine zinandichitikirapo. Folic acid atatha kuchipatala ndinatuma mng'ono wanga ku shopu ina ya mankhwala, anangonena kuti ndikufuna a magazi. Anamupatsa ofiirira aja amene amapatsidwa kusikelo, ophatikiza ayironi ndi folic acid, atawathira m'kapepala kapulasitiki kopanda dzina. Ndinamwa pafupifupi masabata awiri, m'mimba mukuuma, chimbudzi chakuda bii, mpaka nesi wina atatsegula kapepalako n'kuwakhuthulira pachikhatho anandifunsa kuti awa wakupatsani ndani. Chiyambire tsiku limenelo ndimawerenga ndekha pa paketi. Pakalembedwa ferrous kapena iron ndimabweza, ndimafuna polembedwa folic acid pokha.

Pali zinthu zina zomwe folic acid samvana nazo ndipo izi anthu sakamba kawirikawiri. Fansidar, uja amati SP, amapha tizilombo ta malungo powatsekereza folate, nde munthu akamamwa folic acid wa 5mg mphamvu ya Fansidar imachepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mlingo wa 5mg usamaperekedwe limodzi ndi SP, waung'ono wa 0.4mg ndiwo ulibe vuto. Ine ndinazidziwa ndili woyembekezera, kusikelo akufuna kundipatsa Fansidar pomwe kukiliniki ya sickle cell anandiuza 5mg tsiku lililonse, zinatengera kuti mbali ziwirizi zikambirane. Ngati mwana wanu amapatsidwa Fansidar woteteza malungo, funsani momwe mungamazitalikitsire, musasankhe nokha chosiya. Amene amamwa mankhwala a khunyu ngati phenytoin nawo auze adokotala chifukwa folic acid amatsitsa mlingo wa mankhwalawo m'magazi. Ndipo kwa akuluakulu amene tamwa zaka zambiri, folic acid amatha kubisa kuchepa kwa vitamini B12, magazi akuoneka bwino koma mitsempha ikuwonongeka. Dzanzi kumapazi losatha, kuyenda mopepeluka, kuiwalaiwala, pemphani akuyezeni B12.

Atsikana ndi amayi a sickle cell amene muli mu gulu muno, inu nde musamaphonye n'komwe ngati mukuganiza zotenga mimba. Msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka m'masiku 28 oyambirira, nthawi yomwe ambiri sitinadziwe kuti tili ndi pakati, nde folic acid amafunika muyambe kale musanaime.

Kumbali ya chakudya, folate tili naye pakhomo pomwe. Bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya, chitambe, therere, nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, mapeyala, mazira, chiwindi mwa apo ndi apo. Vuto lathu ndi kaphikidwe, masamba timawiritsa mpaka asanduke abulauni kenako n'kutaya madzi, pomwe folate amasungunukira m'madzi momwemo ndipo moto wautali umamuwononga. Madzi pang'ono, mphindi zochepa, nsinjiro pamwamba, msuziwo mwana amwe. Mayi anga ankandiphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, kapilisi kali pambali pa kapu, mpaka lero ndimamwa nthawi ya kadzutsa chifukwa ndi pomwe sindiiwala.

Chomwe mukufuna inu kwenikweni, kuti ululu uchepe ndi Hb ikwereko, mankhwala ake ndi hydroxyurea. Amachulukitsa mtundu wa hemoglobini (Hb ija) umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, umene supindika. Anayesedwa pa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, zotsatira zinatuluka mu 2019, ululu unachepa, kuikidwa magazi kunachepa, olo malungo ndi imfa zinachepa. Amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo folic acid amapitirirabe limodzi nawo. Ku Kamuzu Central ndi ku Queens kuli makiliniki a sickle cell, ngati muli kutali pemphani chipatala chanu chaching'ono chikulembereni kalata yokutumizani.

Pakadali pano neti usiku uliwonse, madzi akumwa ambiri, juzi kukazizira. Thupi likatentha kufika 38, kapena mwaona m'manja ndi m'milomo mwayera mwadzidzidzi, mwana wafooka akupuma mothamanga, kapena kapamba wakula kumanzere pansi pa nthiti, musadikire kuche ndipo musaonjezere mapilisi kunyumba, nyamukani. Tsiku lakiliniki likubwerali mutenge kabuku, paketi ya mapilisi omwe akumwa, ndipo ngati n'kotheka apongozi anuwo mupite nawo akamve okha za ayironi kuchokera kwa adokotala, kunyumba zidzakuphwekerani. Mukabwerako mudzatiuze zomwe anena pa hydroxyurea.