Luso loti muchite pamodzi ndi ana chilimwe chikamayamba

Mwafunsa, mayi, kuti munthu angapeze bwanji nthawi ya ntchito zaluso pamene chilimwe chayamba, ana ali pakhomo ndipo ntchito za m'nyumba sizikutha. Maganizo anga ndi akuti musadikire mpata woti mukhale panokha, chifukwa mpata wotero subwera kawirikawiri m'banja la ana aang'ono, koma musankhe luso loti iwonso achite nawo.

Chimene ine ndachikonda kwambiri ndi kujambula zithunzi ndi dzuwa, njira yotchedwa cyanotype, imene katswiri wa sayansi wa ku England, John Herschel, anaitulukira m'chaka cha 1842. Pamafunika pepala lopakidwa kale mankhwala ake. Mumayalapo masamba, nthenga kapena makiyi, n'kutsindikiza ndi galasi kuti mphepo isasunthe kanthu, kenaka mumaliika padzuwa kwa mphindi zingapo. Mukalitsuka m'madzi, pepalalo limasanduka labuluu, koma pamene panali tsamba pamatsala poyera, m'mphepete mwake mukuoneka bwino lomwe, ndipo apa ndi pamene ana amasangalala koposa.

Mapepala otsala muwasunge mumdima kuti asaonongeke, ndipo galasilo lizigwiridwa ndi munthu wamkulu.