Masetifiketi atatu pa digiri imodzi? Takhala pansi kaye, mdzukulu wanga

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti uli chaka chachiwiri ku yunivesite, ukuphunzira saikoloje, ndipo dipatimenti yanu yatsegula masetifiketi apadera mkati mwa digiri yomweyo: ya kakulidwe ka ana, ya saikoloje ya m'makhoti, ya kuntchito ndi m'makampani, komanso ya umoyo. Iliyonse ikufuna makosi asanu. Anzako alembetsa kale, iwe ukufuna atatu kuti CV yako idzaoneke yonona. Kumapeto kwenikweni wafunsa ngati ukunong'ona: "Agogo, ndikapeza ya umoyoyo, ndingayambe kupereka uphungu kwa anthu?"

Ndiyamba ndi funso lomalizali chifukwa ndi limene landisowetsa tulo. Ayi mwana wanga, sungayambe. Setifiketi yotereyi imachokera ku yunivesite, ndipo imangochitira umboni kuti pa makosi odzisankhira aja iwe unatsata njira imodzi. Chilolezo chogwira maganizo a munthu wodwala chimachokera kwina. Ku America, m'zigawo pafupifupi zonse, kuti utchedwe katswiri wa saikoloje umafunika digiri ya udokotala, PhD kapena PsyD, kenako maola ambirimbiri ogwira ntchito moyang'aniridwa, kenakonso mayeso otchedwa EPPP. Ku Britain, kuyambira 2009, mayina a akatswiri a saikoloje ya m'chipatala ndi ya m'makhoti ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo sungadzitche choncho ngati sunalembedwe m'kaundula wa HCPC, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo. Ku South Africa bungwe langati lomwelo, la HPCSA, limafuna digiri ya masitazi, chaka chophunzirira pantchito, ndi mayeso a bungwelo. Kulikonseko, makosi asanu a pa digiri yoyamba sakufikitsa pakhomo limenelo.

Usaganize kuti akuluakuluwa akungokukanizani njira. Ndikadali mphunzitsi, kunabwera mtsikana wina ku ofesi kwanga, wanzeru kwambiri, amene anali atangomaliza makosi a uphungu ndi magiredi apamwamba. Anakhala m'mphepete mwa mpando, manja akunjenjemera, kabuku ka manotsi atakakumbatira pachifuwa. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi anali atamuuza kuti moyo wamukwana, akufuna kudzipha. Mtsikana wa kabukuyu anasunga nkhaniyo milungu itatu, usiku uliwonse akumvetsera, akubwereza mafunso a m'kabuku kaja, poganiza kuti chinsinsi sachiulula ndipo iye akhoza kumuchiza yekha. Chinamubweretsa kwa ine n'chakuti m'mawa umenewo anapeza mankhwala ataunjikidwa pansi pa pilo. Tinanyamuka nthawi yomweyo, mnzakeyo tinamuperekeza kwa madokotala, ndipo anapulumuka. Mpaka lero ndikakumbukira milungu itatu ija mtima umandigunda. Mtsikanayu sanali woipa, anali wachikondi zedi. Chimene sanadziwe n'chakuti chinsinsi chimathera pamene moyo wa munthu uli pachiswe, ndiponso kuti mlangizi weniweni, ngakhale wazaka zambiri pantchito, amakhala ndi womuyang'anira amene amakambirana naye nkhani zolemera. Mnzako akabwera ndi katundu wotere, mumvetsere, khala naye, koma mugwire dzanja mupite kwa amene anaphunzira ntchitoyo mpaka kumapeto.

Tsopano za atatuwo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tawerenga wekha: makosi asanu katatu ndi 15, ndipo ngakhale ena atalowa kuwiri, malo onse a makosi odzisankhira adzatha, mwinanso uwonjezere semesita. Choyamba kufinyika nthawi zonse chimakhala chimene ophunzira amachida kale, statistics, kosi ya kusanthula manambala ija, ndi njira zochitira kafukufuku. Amangofuna kukhoza basi, athane nazo. Pamenepo ndi pamene ndimamva chisoni, chifukwa limenelo ndilo thunthu, masetifiketi onsewa ndi nthambi.

Taona mmene maphunziro anuwa anayambira. Wilhelm Wundt anatsegula labotale yoyamba ya saikoloje ku Leipzig, m'dziko la Germany, mu 1879, ndipo ntchito yake inali kuyeza, kuwerengera, kubwereza. Mmodzi mwa ophunzira ake, Lightner Witmer, ndiye anatsegula kiliniki yoyamba ya saikoloje ku University of Pennsylvania mu 1896, mphunzitsi wina atamubweretsera mnyamata wa zaka 14 amene ankalephera kulemba mawu molondola. Witmer anafika pa mnyamatayo atadutsa kaye mu labotale, maso ake atazolowera kuyang'anitsitsa asanagamule. Lero bungwe la American Psychological Association, limene linayamba mu 1892, lili ndi nthambi zoposa 50. Kodi nazo udzatenga setifiketi iliyonse?

Ndipo thunthuli likufunika lero kuposa kale. Mu 2015 gulu la ofufuza 270, motsogozedwa ndi Brian Nosek, linabwereza kafukufuku 100 amene anali atasindikizidwa kale m'magazini odziwika a saikoloje. Zotsatira zinabwereranso mwamphamvu pa kafukufuku mmodzi yekha mwa atatu alionse, mwina kupitirira pang'ono. Ndiye kuti zina zimene ukuloweza m'mabuku a nthambi yako zikhoza kudzagwa mawa. Amene amadziwa kufunsa kuti anthu anayezedwa angati, anasankhidwa bwanji, kusiyanako n'kwakukulu motani, sadzagwa nazo limodzi.

Ndaona kuti pa ya m'makhoti walemba mzere pansi. Achinyamata ambiri amaikonda chifukwa cha mafilimu, amaganiza kuti azidzayang'ana chigawenga m'maso n'kudziwa zam'mtima mwake. Ntchito yeniyeni ndi yofatsa kuposa pamenepo, ndipo kwa ine ndi yokoma koposa. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu filimu ya ngozi ya galimoto, kenako n'kuwafunsa liwiro la galimotozo. Ena anafunsidwa ndi mawu ofatsa onga "zinagundana", ena ndi mawu aukali onga "zinaphwanyana". Omva mawu aukaliwo anatchula liwiro lokwera, ndipo patatha mlungu ambiri mwa iwo, poyerekeza ndi anzawo aja, ananena kuti anaona magalasi osweka, pamene mufilimumo munalibe galasi losweka. Liwu limodzi la wofunsa linasintha zimene mboni zinkakumbukira. Ngati nkhani imeneyi yakugwira mtima, ngati ukufuna kudziwa mmene anaikonzera ndi mmene anawerengera, ndiye kuti nthambi yako waipeza. Ngati yakutopetsa, bola udziwiretu lero.

Ndiye tenga imodzi. Usanalembetse, pita ku dipatimenti ukafunse: makosiwa amaphunzitsidwa chaka chilichonse kapena amadumpha? Akuphunzitsa ndani, ndipo kodi iwowo amachita kafukufuku pa nkhaniyi? Muli nthawi yokaphunzirira pantchito, kusukulu ya ana, kuchipatala kapena kukampani, pansi pa woyang'anira? Setifiketi yokhala ndi nthawi yotereyi ndi imene ndingakusankhire, pakuti kumeneko udzaona mwana weniweni akukana kuyankhula, wogwira ntchito weniweni akubisa kutopa kwake, zimene buku silingakuonetse.

Chinanso ndi ulemu kwa aphunzitsi ako, ndipo sindikunena zongowapatsa moni pakhonde. Gogoda pa ofesi pa nthawi imene anaika yoonana ndi ophunzira, utawerenga kale chimodzi mwa zimene analemba, upemphe kuthandiza pa kafukufuku wawo. Adzakupatsa ntchito yonyozeka, kulowetsa manambala mu kompyuta, kulemba mawu a pa tepi, kuitana anthu odzayezedwa. Igwire mokhulupirika, usapeke nambala ngakhale imodzi pamene yasowa, ndipo zimene wamva m'matepimo usakazifotokoze kwa anzako. Podzapempha malo a masitazi, adzafuna makalata ochokera kwa aphunzitsi okudziwa. Ine ndalembapo makalata ambiri otere, ndipo osavuta kulemba anali a ophunzira amene ndinawaona akugwira ntchito miyezi ndi miyezi. Wina anabwera ndi mapepala ochuluka koma nkhope yake sindinkaikumbuka, ndinasowa choti ndilembe kupatula magiredi ake.

Pa CV udzalembe chilungamo chokhachokha: digiri ya saikoloje, ndi setifiketi ya yunivesite pa nthambi yakutiyakuti. Usadzawonjezerepo "katswiri" kapena "mlangizi". Olemba ntchito m'maofesi oyang'anira antchito, m'mabungwe osamalira ana ndi m'magulu a kafukufuku amalandira anthu a digiri yoyamba, ndipo setifiketi imodzi yogwirizana ndi ntchitoyo imakupatsa poyambira kukamba pa intavyu. Adzakufunsa chimene unaphunziramo, ndiye ukhale ndi choyankha chimene unachigwira ndi manja ako.

Ukamabwera pa holide unditengere ndandanda wa makosi a masetifiketi onse anayiwo, pamodzi ndi magiredi ako a statistics a chaka chino. Tidzakhala pansi ndi pensulo, tione kuti ndi iti ikukusiyira malo a kosi yachiwiri ya kafukufuku.