Ndalama zathu zipite ku chimanga, mjigo kapena mbuzi?

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, msungichuma wa gulu la amayi pa mpingo wawo. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo ndalisunga.

"Makolo athu anachokera ku Dedza. Chaka ndi chaka timasonkha madola n'kutumiza kumudzi pa Mukuru kuti agulire chimanga okalamba ndi ana amasiye. Papita zaka zisanu, koma Januwale akangofika foni imalira, njala yomwe ija. Abusa akuti tisinthe, tikumbitse mjigo kapena tigule mbuzi. Amayi ena akuti munthu wanjala sungamuuze za mbuzi. Tagawanika. Kodi zitukuko za mipingozi zimathandizadi, kapena n'zongojambulitsa zithunzi?"

Amayi, zikomo kwambiri, ndipo musataye mtima. Chimanga cha zaka zisanu chija sichinapite pachabe. Alipo agogo amene ali moyo lero chifukwa cha thumba lija. Zaka zimenezi zinalinso zowawa. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 a m'Malawi ali pa ngozi ya chilala. Ifenso kuno mvula inatithawa chaka chomwecho. Ndiye foni ikalira, si kuti abale athu ndi aulesi.

Koma pa funso lanu pali anthu amene sanatchulidwe. Abusa anena zawo, amayi anena zawo. Nanga eni mudzi anena chiyani?

Ndikuuzeni zimene ndinaona kwathu ku Ntcheu. Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli mjigo umene anakumbitsa anthu akufuna kwabwino, kudzera mu mpingo. Tsiku lotsegulira kunali kwaya, nthungululu, mbuzi yophedwa. Nditapitako patatha zaka zingapo ndinapeza chogwirira chili lende, pasimenti pamera udzu, ana akuseweretsa ngati katungwe. Azakhali anga anali atabwerera kudambo ndi ndowa pamutu, kukatunga pachitsime pomwe ng'ombe zimamweranso. Nditafunsa chinavuta n'chiyani, anandiyankha mosadandaula n'komwe: "Mjigo wa azungu uja unafa, sanabwerenso." Mmisiri amene tinamuitana anasolola ndodo zachitsulo imodzi imodzi, n'kundionetsa kamphira kakuda kothetheka, kokwana m'dzanja. Pampu za Afridev, zimene zili m'midzi yambiri ya ku Malawi, anazipanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusintha okha timphira totere ndi sipanala imodzi. Mudzi wonse unamwa madzi a m'dambo miyezi yambirimbiri chifukwa cha kanthu ka mtengo wosafika wa nkhuku. Mawu aja, "wa azungu", anandipweteka kuposa kamphirako. Palibe anauona mjigowo ngati wake, ndiye palibe anasonkha ya kukonzetsera.

Inu ndi ine, ngakhale magazi athu ndi a konko, tikafika ndi madola timasanduka azungu omwewo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tikhala sabata imodzi, tikwera basi ya ku Mbare kapena ku Roadport kubwerera kuno, ndipo zotsalazo azisenza ndi iwo.

N'chifukwa chake ndikuti musanagule chilichonse, mutume anthu awiri apite kumudzi, osanyamula lonjezo lililonse. Akayambe ndi a nyakwawa, monga mwa mwambo. Akakhale pansi ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndi mlangizi wa zaulimi, ndi azaumoyo amene amayendera mudziwo. Kenako akakumane ndi amayi paokha, chifukwa pa bwalo pamene pali amfumu mayi wamasiye salankhula. Funso lake lisakhale lakuti "mukufuna chiyani?" popeza aliyense adzati feteleza. Akafunse kuti chimanga chimatha mwezi uti, ndani amayamba kupita ku ganyu, madzi amatunga kuti mu Okutobala, ndi zitukuko ziti zinabwerapo n'kufa, ndipo zinafa bwanji. Pa funso lomalizali mudzamva zambiri.

Musayambenso ngati kuti kulibe ena. Ku Dedza kuli CADECOM, nthambi ya chitukuko ya mpingo wa Katolika, ndipo Sinodi ya Nkhoma ilinso ndi nthambi yake ya chithandizo ndi chitukuko. Ife a CCAP ya kuno ku Harare, imene inakhala sinodi payokha mu 1965, ubale wathu ndi Nkhoma ndi wakalekale. Abusa anu akhoza kulemba kalata n'kufunsa ngati m'deralo muli kale alangizi awo. N'kwapafupi kuwonjezera nkhuni pamoto woyaka kale kusiyana n'kukoleza wanu muli kutali chonchi.

Tsopano za njala ya Januwale, imene ndi mtima wa kalata yanu. Banja losauka kwambiri limagwa m'dzenje lomwelo chaka chilichonse. Nkhokwe imatha mvula isanagwe. Pofika nthawi yopalira, bambo ndi mayi ali m'munda wa munthu wina kugwira ganyu kuti apeze ufa wa tsiku limenelo, munda wawo ukudyedwa ndi udzu. Akakolola pang'ono pomwepo, amagulitsa motchipa kwa mavenda kuti abweze katapila amene anatenga pa njala, kenako adzagulanso chimanga chomwecho modula. Thumba lanu likafika mu Febuluwale limapulumutsa moyo, koma munda wapita kale. Likadafika mu Disembala, banjalo likadapalira munda wake. Taonani, ndalama yomweyo, mwangosintha mwezi.

Chimene ndachiona chikudula msampha wa katapila ndi banki m'khonde, imene kuno timaidziwa kuti mukando. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo mipingo yambiri inaitengera. Anthu khumi ndi asanu kapena makumi awiri amakumana sabata iliyonse, aliyense n'kugula masheya monga angathere, n'kumabwerekana ndi chiwongoladzanja chimene agwirizana okha. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo limatsegulidwa pamaso pa onse. Pakutha kwa chaka amagawana. Gulu lanzeru limakonza kuti kugawanako kugwe mvula ili pafupi, ndalama ipite ku mbewu ndi feteleza. Apa ndikuchenjezeni ndithu: musaponye madola anu m'bokosimo. Ndalama ya mlendo ikalowa, ngongole sizibwezedwa, poti aliyense amati n'za mpingo. Inu lipirani wophunzitsa, gulani bokosi, maloko ndi makope. Za mkati zikhale thukuta lawo.

Pa ulimi, chinthu chabwino tili nacho pakhomo pompano. Pfumvudza, imene boma la Zimbabwe linayamba kulimbikitsa dziko lonse mu 2020, inachokera ku bungwe lachikhristu la Foundations for Farming, ndipo mizu yake ndi ntchito imene Brian Oldreive anayamba kufupi ndi Bindura m'zaka za m'ma 1980. Kamunda kake ndi ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, mizere 52, mzere uliwonse mapando 28. Cholinga n'chakuti mzere umodzi utulutse ndowa ya chimanga yodya banja sabata imodzi, chaka chonse. Sugaula, umangokumba mapando m'chilimwe, kuthira manyowa, kudzala pa nthawi yake ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti chinyezi chisathawe. Ndisakunamizeni, ndi ntchito yothyola msana pa chaka choyamba, ndipo mapesi omwewo mbuzi ndi ng'ombe zimawafuna. Gogo wa zaka 70 sangakumbe mapando oposa chikwi yekha. Apa ndi pamene mpingo umaposa bungwe lililonse: achinyamata a kwaya atapita Loweruka limodzi ndi makasu, munda wa gogo watha.

Za mbuzi ndinena mwachidule. Mbuzi zopatsirana zimayenda bwino ngati khola lam'mwamba lamangidwa mbuzi isanafike, ngati pali wina wodziwa kupereka mankhwala a njoka za m'mimba, ndiponso ngati mndandanda wa olandira ana a mbuzizo wawerengedwa poyera. Koma mukaipereka ku banja limene lagona ndi njala masiku awiri, mawa lake ili pa msika, ndipo ine sindingawadzudzule.

Ndiye amayi amene akuti munthu wanjala sungamuuze za mbuzi akunena zoona, monganso abusa akunena zoona. Akungonena za anthu osiyana. M'mudzi muli mabanja amene ali ndi mphamvu koma alibe poyambira; awa ndi a banki m'khonde, a mapando, a mbuzi. Mulinso gogo wolera zidzukulu zinayi, munthu wolumala, wodwala matenda a mgonagona. Awa sangagule sheya, ndipo pa msonkhano safikako, mwina chifukwa alibe chitenje chabwino chovala pagulu. Ngakhale boma la Malawi linazindikira zimenezi pamene linayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006, ndalama zopita kwa ovutikitsitsa amene alibe wowagwirira ntchito. Koma si onse oyenera amene amalowa m'kaundula. Kwa otsalawo, thumba lanu la chimanga lisaleke, ndipo musachite nalo manyazi.

Pali china chimene ndimachimva kuwawa ndikachiona. Chithandizo chikadzera ku tchalitchi, mayina amayamba ndi banja la mkulu wa mpingo, kenako a kwaya, ndipo wa Gule Wamkulu, Msilamu kapena amene anadulidwa mu mpingo amatsalira. Ife a kuno tiyenera kuzimvetsa kuposa wina aliyense. Makolo athu anafika m'mapulazi ndi m'migodi ya dziko lino opanda mbale, ndipo m'mabungwe a maliro a ku Mbare ndi ku Highfield ankaikana m'manda posayang'ana kuti uyu amapemphera kuti. Mndandanda wa olandira upangidwe ndi mudzi wonse, uwerengedwe pa bwalo, osati m'chipinda cha abusa.

Mukanditi ndigawe ndalama ya chaka chino, ndingachite chonchi. Gawo lalikulu likhalebe la chimanga cha osowa pogwira, koma mugule nthawi yokolola mitengo ili pansi, musunge m'matumba a PICS osalowa mpweya kuti anankafumbwe asachiwononge, n'kugawa mu Disembala. Gawo lachiwiri likhale la ulendo wa anthu awiri aja ndi maphunziro a banki m'khonde. Mjigo udikire kaye. Anthu anu akafika, akayende mudzi wonse n'kuwerenga mijigo yakufa. Akaipeza, akafunse ngati mudzi ungasankhe komiti yokhala ndi amayi ambiri, n'kusonkha okha kangachepe mwezi ndi mwezi ka timphira tija. Akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, inu mulipire mmisiri ndi mapaipi.

Akabwerako, mundilemberenso, Amayi. Ndikufuna kumva zimene amayi a kumudziko ananena atakhala paokha.